Batani la Akuluakulu

Lorenso Alufandika Chifalansa sanachiphunzire m'kalasi ayi. Anachitola kukhitchini, zaka khumi ndi chimodzi akuphikira wansembe wina wa ku Falansa kumishoni ya kumtunda, mkulu wolongolola amene ankalankhula ndi mphika, ndi mphaka, ndi Lorenso chimodzimodzi. Wansembeyo pobwerera kwawo anamusiyira dikishonale yonenepa ya Chifalansa ndi Chingerezi, yothothoka chikuto, ndi tayi imodzi yofiirira. Kwa zaka zambiri zinthu ziwirizi zinangogona m'sutikesi, mwini wake akulima mapira ndi kugulitsa nsomba zouma pasiteshoni ya sitima pa Nsanje. Nanga Chifalansa ku Nsanje akanalankhula ndi ndani, mbuzi?

Kenaka nkhondo ya ku Mozambiki inakula, anthu nayamba kukhamukira kuno kudzera ku Marka, mitolo pamutu, ana kumbuyo. M'chaka cha 1988 bungwe lina la ku Falansa linamanga kachipatala kunja kwa boma kuti kazithandiza othawa nkhondowo pamodzi ndi eni dera. Linabwera ndi namwino wamtali, wowonda, wosuta fodya ngati mwamuna, amene aliyense ankangomuti Madamu. Chingerezi cha Madamu chinali chothyokathyoka, ndipo a Maclean, dokotala amene boma linawatumiza kudzayang'anira pamalopo, ankachita kutuluka thukuta kuti amumve. Ndiye mayi wina, mkulu wa okolopa ndi ochapa m'wodi ya amayi oyembekezera, anauza a Maclean kuti, "Mkamwini wanga amalankhula zimenezi." Mayiyo anali mayi Esinala, apongozi ake a Lorenso. Tayi inatuluka m'sutikesi sabata yomweyo, Lorenso nayamba ntchito yomasulira.

Tsono mumvetse bwino apa, inu amene munakulira m'tauni. Panali patatha zaka zisanu ndi ziwiri Lorenso atakwatira Emelia, mwana wa mayi Esinala, koma nkhope ya apongozi akewo sankaidziwa bwinobwino. Ankadziwa chitenje chawo chobiriwira, kayendedwe kawo, ndi katsokomoledwe kawo. Akakumana panjira, mmodzi ankapatukira patchire mpaka mnzake adutse. Moni ankapatsana atalozetsana misana, Lorenso atanyonyomala, akuwomba m'manja. Nkhani iliyonse inkadzera mwa Emelia. Ndi ulemu umenewo kwathu kuno, ndipo palibe ankauona kulemera. Pachipatala anagawana njira osachita kuuzana: Lorenso ankadzera kumtengo wa mtondo, mayi Esinala kuzingwe zoyanikapo nsalu.

Vuto la pamalopo linali zimbudzi. Nthaka ya kumeneko ukangokumba kufika m'chiuno madzi atuluka kale, ndipo mvula ikagwa zimbudzi zokumba zinkatitimira, kolera nkuyamba. Choncho wodi ya amayi anaimangira zimbudzi zinayi zogejemula. Madzi ake ankachokera m'thanki ya pansanja, imene injini inkaidzaza m'mawa mokha, poti dizilo anali wosowa. Makiyi a mpopi wa thankiyo ankasunga mayi Esinala. Thanki ikauma, iwo ndi anzawo awiri ankasenza ndowa kuchokera kumjigo, mtunda woti munthu nkupumira kawiri.

Mwezi wa Sepitembala kunabwera makatoni ochokera ku Falansa. Munali zipangizo zoika m'timathanki ta zimbudzi kuti tisamathe madzi, ndipo mapepala ake anali Chifalansa chokhachokha. Madamu anaitana Lorenso ndi Kaitano, pulambala wa pamalopo, nati zonse zilembedwe m'Chingerezi kuti a Maclean akhale nazo m'fayilo, ndiponso kuti pulambala aliyense wobwera m'tsogolo azitha kuwerenga.

Ntchito imeneyo Lorenso anaikonda, tisaname. Dikishonale ya wansembe inkadziwa za angelo ndi za msuzi, koma pa zitsulo za m'chimbudzi inkangoti kakasi. Ndiye awiriwa anapeza njira yawoyawo. Ankakhala pakhonde la wodi, Kaitano nkukhuthulira katoni pamkeka. Lorenso ankawerenga liwu la Chifalansa, nkuwerenganso chiganizo chonse kuti amve ntchito ya chinthucho, nkufotokoza m'Chisena. Kaitano, amene anakhalapo zaka zisanu ndi zinayi akukonza mipopi m'nyumba za mabwana kuesiteti ya nzimbe, ankafufuza pamkekapo, nkunyamula chinthucho, nkutchula dzina limene ankalimva kwa kapitawo wake.

"Flotteur," anawerenga Lorenso. "Ati chimayandama, madzi akakwera chimatseka pakamwa pa paipi."

"Ichi! Float ameneyo, shamwali. Lemba."

"Plaquettes. Timatabwa tiwiri ta pulasitiki, toimika m'kati kuti madzi ena azitsalira kuseri kwake."

Kaitano anatitembenuza, natipinda, mpaka kutinunkhiza. "Izi nkhabe kuziona ine chibadwire. Koma zikutchinga madzi ngati damu la kuesiteti. Lemba kuti dams, amene akudziwa bwino adzakonza."

Ndipo Lorenso ankalemba, ndi zilembo zopendekeka zokongola zimene anatengera kwa wansembe uja. Mawu akuti double commande anawadyera theka la tsiku. Anakangana, anatukwanizana pang'ono, mpaka Kaitano anati, "Tiye tingomanga chimodzi tione." Atamanga, pamwamba pa kathanki panatulukira mabatani awiri, lalikulu ndi laling'ono. Analemba kuti two buttons, nagwirana chanza ngati agoletsa chigoli. Masiku atatu amenewo Lorenso ankayenda ngati mphunzitsi wamkulu, dikishonale m'khwapa, moni akuyankha ndi mutu.

Tsiku lachinayi kunatsala pepala limodzi laling'ono, loti likakhomedwe pazitseko. Madamu anali pachangu, galimoto ikulira panja, poti ku Marka kunabuka kolera ndipo ankapita kukakhala komweko masabata angapo. Anauza Lorenso kuti alembe makhadi anayi ndi dzanja lake lokongolalo, zilembo zikuluzikulu, awapereke kwa mayi Esinala. Mayi Esinala anafika Sitandade 6 yakale ija, Chingerezi ankawerenga. Iwo ndiwo akakhome makhadiwo, nkumaphunzitsa amayi a m'wodi. Atatero Madamu anakwera galimoto, fumbi kobo.

Lorenso anawerenga pepalalo. Linali ndi mizere iwiri yokha, ndipo tsoka lake, mawu onse a pamenepo dikishonale inali nawo poyerayera. Batani laling'ono linkatsitsa madzi ochepa, la munthu amene wangokodza. Lalikulu linkakhuthula onse, la munthu amene wachita zinazo. Afalansa sanazungulire ayi, chilichonse anachitchula ndi dzina lake.

Koma abale inu! Thukuta linamutsika m'khosi mpaka tayi inanyowa. Iye Lorenso alembe mawu amenewa ndi dzanja lake, akafike m'manja mwa apongozi? Ndiye apongoziwo alowe m'menemo, atseke chitseko, akhale pansi, akweze maso, apeze dzanja la mkamwini wawo likuwalangiza chochita? Uyu ndi munthu amene kumudzi, apongozi akakhala pabwalo, ankapirira mpaka anyamuke, kuopa kuti angamuone akulowera kuchimbudzi.

Ali m'maganizo choncho, anamva chikolopa chikukhwekhwereza kuseri kwa chitseko cha wodi, ndi katsokomoledwe kaja. Apongozi anali pomwepo, chitseko chokha ndiye chinawalekanitsa. Ndipo Kaitano, amene mawu ake anali ngati belu la tchalitchi, anafunsa kuti, "Tsono shamwali, lalikululi ndi la chiyani, laling'onoli la chiyani? Tanena, amayi ali apawa amve, ndiwo akaphunzitse anthu."

Chikolopa chinaima.

"Lalikulu," anatero Lorenso, maso ali padikishonale, "ndi la akuluakulu. Laling'ono ndi la ana."

"Haa! Koma azungu awa ulemu ali nawo," anatero Kaitano, akupukusa mutu mosilira. Chikolopa chinayambiranso ntchito yake.

Mawu atatuluka choncho pamaso pa anthu awiri, Lorenso anaona kuti kuwalemba nkwapafupi kusiyana ndi kuwabweza. Madzulo ake analemba makhadi anayi m'Chingerezi chosalala bwino, "Large button: adults. Small button: children," pansi pake nkusaina dzina lake, monga Madamu ankafunira papepala lililonse. Anapatsira Emelia kuti akapereke kwa mayi ake. Mumtima ankadzinamiza kuti ndi kanthu kakang'ono, madzi ndi madzi basi, palibe chimene chisinthe.

Nanga m'wodi ya oyembekezera muli ana angati odziwa kukhala pachimbudzi? Makhadi anakhomedwa, ndipo amayi anawamvera bwino kwambiri. Ngakhale kamtsikana ka zaka khumi ndi zisanu ndi chimodzi, kakangobereka kanali kamunthu kakakulu tsopano, ndipo ukanakauza kuti kadine batani la ana kakanakuyang'ana ngati wakatukwana. Patangotha sabata mabatani aakulu anali kunyezimira, aang'ono atachita fumbi. Choipa china, Madamu pochoka anasiya atachepetsa nthawi yoliza injini, pokhulupirira zipangizo zake zatsopanozo. Thanki inkauma isanakwane leveni koloko.

Nkhani ya mabatani inafika mpaka kumsika. Amuna amene akazi awo anagonekedwapo m'wodimo ankamuimika Lorenso panjira. "A Alufandika, tamva kuti kwanuko ngakhale chimbudzi chimadziwa wamkulu!" Iye ankaseka nawo, mano okha, nkufulumira kuchokapo.

Okutobala wa ku Nsanje mumamudziwa, dzuwa loti nkhuku imayenda kukamwa kuli yasa. Zenera la ofesi ya Lorenso linkayang'ana njira ya kumjigo. Tsiku ndi tsiku ankaona chitenje chobiriwira chija chikupita, chikubwera, ndowa ina pamutu, ina kumanja, mayi wa zaka zopitirira makumi asanu akuponda mchenga wotentha ndi masilipasi akutha. Anatembenuza tebulo kuti aziyang'ana khoma, koma kulira kwa chogwirira cha ndowa ankakumvabe.

Tsiku lina a Maclean anamutuma kusitolo ya mankhwala, ndipo mosaganiza anadzera njira ya kumjigo. Pokhota pampanda anangoti gululu ndi apongozi. Asanaganize n'komwe zopatuka, mayi Esinala anali atalowa kale patchire la minga, ndowa yodzaza ili pamutu, nkhope atayang'anitsa kwina, kudikira kuti mkamwini wawo adutse bwino ndi tayi yake. Madzi ankawatayikira m'khosi. Lorenso anadutsa akuwomba m'manja, ndipo manyazi amene anamugwira pamenepo anaposa a tsiku la pepala lija kutalitali.

Katatu konse analemba khadi loona. Katatu konse analing'amba. Mwamuna wamba sangalowe m'zimbudzi za wodi ya amayi, choncho khadi latsopano likanadzeranso m'manja mwa apongozi omwewo, ndipo tsopano likananyamula zinthu ziwiri, mawu aja ndi bodza lake. Wina woti nkuligwira bodzalo panalibe. A Maclean sankalowako. Kaitano akalowa kukafufuza podontha ankakankha chitseko mpaka chigunde khoma, khadi nkubisika kuseri. Makhadiwo ankawaona yekhayo amene wadzitsekera m'kati. Loweruka lina Lorenso anapita kukalapa, koma nakonso anangoti, "Ndinanama pantchito," wansembe nkumupatsa mapemphero atatu. Anatuluka m'tchalitchi ali wolemedwa monga analoweramo.

Sabata yachinayi, dzuwa likulowa, Emelia anabwera kuchokera kwa mayi ake. Anali kukawathowa miyendo, imene inali itatupa ngati mitondo.

"Amayi akuti ndikufunseni," anatero akusamba m'manja. "Akuti pepala la Chifalansa lija linathera pompaja, kapena pali zina zinatsalira?"

Mpata unali umenewo. Lorenso akanangouza mkazi wake, mkazi wake nkukauza mayi ake, monga nkhani zonse zinkayendera pabanjapo.

"Linathera pompaja," anatero, nanyamuka kukaona mbuzi zimene zinali kale m'khola.

Madamu anabwerako ku Marka atatopa, atapsa ndi dzuwa, ndipo anapeza amayi atatu ali pamzere ndi ndowa. Anatenga pensulo. Anawerenga mabedi, anayeza thanki, napeza kuti madzi amayenera kufika madzulo nkutsalako. Kaitano analumbira pali mayi ake kuti palibe podontha. Ndiye madzi akupita kuti? Mlonda wina, pofuna kuoneka wakhama, anati anaonapo mayi Esinala akutunga pampopi wa thanki nkupatsira othawa nkhondo pampanda. Zinali zoona ndithu, kamodzi, ketulo imodzi, kwa nkhalamba ina imene inakomoka ndi dzuwa. Koma pofika Lachisanu ketulo ija inali itasanduka migolo.

Mlandu unakhala Lolemba m'mawa muofesi ya a Maclean, pansi pa chithunzi cha Mtsogoleri wa dziko. Anaitananso a Elias, tcheyamani wa Chipani wa nthambi ya kumeneko, poti masiku amenewo munthu sankachotsedwa ntchito tcheyamani asakudziwa. Ndipo wochotsedwa chifukwa chakuba za chipatala dzina lake linkapita kutali. Ntchito ina sakanaipezanso ku Nsanje konse, ndipo kutchalitchi, kumene mayi Esinala ankatsogolera amayi anzawo, akanawakhazika kumbuyo. Kalata yowachotsa inali itatayipidwa kale patebulo, ikungodikira kusaina.

Womasulira anali ndani? Lorenso, nanga ndaninso. Ofesiyo inali yopanikiza, yopanda tchire loti munthu nkupatukirapo. Mayi Esinala anakhala pansi pafupi ndi chitseko, atatambasula miyendo yotupayo, nkhope kukhoma. Lorenso anaima pazenera, nkhope kunja.

Madamu analankhula nthawi yaitali. Lorenso anamasulira kuti, "Akuti madzi akhala akuvuta."

"A Alufandika," anatero a Elias, "mzunguyu walankhula mpaka kupuma katatu, inu mwatipatsa mawu anayi. Musameze mawu. Nenani zonse."

Ndipo ananena zonse, ndi pakamwa pake, akuuza zenera. Akuti makiyi muli nawo ndinu nokha. Akuti anakukhulupirirani ngati mayi wawo. Akuti madzi a amayi odwala mwakhala mukuwapatutsa. Akuti kumeneku ndi kuba, ndipo ndinu wakuba. Liwu lomalizalo nalonso linatuluka.

A Maclean anafunsa mofatsa ngati mayi Esinala ali ndi chonena. Kenaka kunamveka makiyi akumasulidwa pansonga ya chitenje, ndi dzanja likuwakankhira pasimenti.

"Makiyi ndi awa," anatero mayi Esinala. "Ine ndilibe mawu."

Lorenso anadikira kuti akane, alumbire, alire, atchule za ketulo ija. Nkhabe, sanatero. A Maclean anakoka kalata, nayamba kufufuza cholembera m'thumba la malaya.

Pamenepo Lorenso analankhula, m'Chifalansa, mothamanga ngati munthu amene akusanza. Anasolola pepala lija m'dikishonale, mmene linabisala masabata onsewa, nauza Madamu zimene linkanena ndi zimene iye analemba. M'Chifalansa zinali zosavuta, mawu ake sankanunkha. Madamu anatuluka chothamanga, nabwerera ndi khadi limodzi atachita kulizula pachitseko, msomali uli pomwepo. Analiwerenga, nkhope nkufiira mpaka m'makutu, nayamba kukalipa.

Kwa kamphindi Lorenso anayesa kuti zithera pomwepo, m'chinenero chimene apongozi sankachimva. Koma a Elias anagogoda patebulo.

"Iyayi, iyayi. Kuno ndi ku Malawi. Anthu awiri asamanong'onezane zachilendo pansi pa chithunzi ichi. Mayi awa mwawatchula akuba m'Chichewa, tonse tikumva. Ngati pali china, chinenedwe m'Chichewa chomwecho."

Lorenso anatembenukiranso kuzenera. "Ndinalemba zabodza pakhadi ndine. Amayi sanabe madzi. Mabatani aja si a akulu ndi ana."

"Nanga ndi a chiyani?"

"Laling'ono ndi la pamene munthu wadzithandiza pang'ono."

"Pang'ono bwanji? Ine sukulu sindinapite nayo patali, bambo. Musatipatse bodza lina pamwamba pa linzake. Pepalalo likuti chiyani?"

Panja panali mbuzi ikutafuna katoni yopanda kanthu. Lorenso anaiyang'anitsitsa mbuziyo, ndipo ananena mokweza, liwu ndi liwu, monga Afalansa analembera. "Laling'ono ndi la mkodzo. Lalikulu ndi la manyi."

A Maclean anavula magalasi nayamba kuwapukuta ndi nsonga ya malaya. A Elias, amene nawonso anali mkamwini wa eni ake ku Tengani, anayang'ana mayi amene anakhala pansiwo, nayang'ana Lorenso, ndipo mpamene anakumbukira ubale wa anthu awiriwa. Anatsitsa maso, nati chapansipansi, "Pepani, mayi."

Madamu yekha ndiye sanamvetse. A Maclean anayesa kumufotokozera m'Chingerezi za mkamwini ndi apongozi, iye nkumangokweza manja m'mwamba. Masabata asanu, amayi atatu kusenza madzi padzuwa, chifukwa cha mawu awiri? Anang'amba kalata ija, natola makiyi pansi, nagwada kuwabwezera m'manja mwa mayi Esinala. Kwa Lorenso anati za iye akamba mawa, koma lero lomwe alembe makhadi ena anayi. Anthu anatuluka mmodzimmodzi, aliyense akuyang'ana mapazi ake.

Tsiku limenelonso thanki inali itauma kale. Lorenso potuluka anaona apongozi ali pansi pa nsanja akupinda nkhata, ndowa ziwiri zili pambali. Mwachizolowezi anafuna kudzera kumtondo, koma miyendo inamutengera komweko. Ananyonyomala chapatali, atawalozetsa msana, nawomba m'manja.

"Amayi, ndalakwa. Ndinachita manyazi."

Emelia panalibe kuti anyamule mawuwo. Mayi Esinala anayankha okha, akuuza ndowa.

"Ine ndinadziwa tsiku lachiwiri. Ndinavundukula kathanki, ndinadina laling'ono, ndinadina lalikulu, ndinaona madzi otsalamo. Mzungu sangatumize chinthu kuchokera kwawo konse kuja kuti chidzasiyanitse mwana ndi mkulu m'wodi mopanda ana. Ndinayesa kunong'oneza amayi kuti azidina laling'ono. Mkazi wa mphunzitsi wina anandiwerengera khadi mokweza, nandifunsa ngati ndikudziwa Chifalansa kuposa mkamwini wanga."

"Nanga bwanji simunanene, amayi? Ngakhale muja muofesi?"

"Ndikanauza ndani? Pansi pa khadi panali dzina la mwamuna wa mwana wanga, amene ntchito ndinachita kukamupemphera ndekha. Ndinatuma Emelia kudzakufunsani. Munati linathera pompaja. Ndiye ndinati basi, lathera pompaja."

Lorenso sanathenso kuwomba m'manja. Anangoyang'ana mchenga.

"Zinthu mwatchula muja," anapitiriza mayi Esinala, "ndakhala ndikuzichapa zaka khumi ndi zisanu ndi zinayi, kuyambira kuchipatala chakale. Za mkazi wanu yemwe ndinachapa ndine. Makutu anga sanathothoke pozimva lero. Mawu awiri amenewo anakutengerani masabata asanu, bambo. Loti ndine wakuba linakutengerani kamphindi."

Kenaka anamva masilipasi akuyenda pamchenga. Sanalowere kuzingwe zoyanikapo nsalu. Anamuzungulira, naima patsogolo pake penipeni. Lorenso anakweza mutu.

Zaka zisanu ndi ziwiri anali asanaione nkhope imeneyo pafupi. Inali yaing'ono, yotopa, maso ake a Emelia enieni, ndipo pamwamba pa chipumi tsitsi linali litaperepeseka pamene pamakhala nkhata. Apongozi ake anamuyang'ana osaphethira, mopanda mkwiyo, mpaka Lorenso analakalaka akanayang'ananso kukhoma monga kale. Atamuyang'ana mokwana, anaika nkhata pamutu, nanyamula ndowa imodzi, nauyamba wa kumjigo. Inayo anaisiya pamapazi a mkamwini wawo.